Funsani za Kompyuta: Matambala akusowa mu database, akupita kuti?

Moni nonse owerenga tsamba lino kuchokera kuno ku Salima. Mwezi uno makalata ambiri amene mwanditumizira, ena pa WhatsApp ena pa imelo, akuzungulira pa nkhani imodzi, ya manambala okhala ndi dontho mu database, kaya ndi ndalama, makilo kapena malikisi a ana asukulu. Nde ndawaika pamodzi, ndipo kalata yoyambayo ndiyitenga motalikirapo chifukwa mayankho a enawo akutsamira pomwepo.

Achimwene, ine ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a mpunga kuno ku Lifuwu. Mwana wa achemwali anga amene anaphunzira zamakompyuta anatipangira kapulogalamu ka PHP ndi MySQL kolembera mpunga umene tagula kwa mamembala, makilo ake, mtengo ndi ndalama imene munthu walandira. Chikundisowetsa mtendere nchakuti lipoti la pamwezi silikugwirizana ndi buku la malisiti, pena kusiyana kwake ndi matambala pena mpaka makwacha angapo, ndipo tsiku lina ndinalowetsa K1,234,567.89 koma nditatsegulanso ndinapeza 1234570. Mamembala ena ayamba kundiyang'ana ndi diso lina ngati ndikudya ndalama zawo. Vuto ndi kompyutayi kapena mnyamatayu? Mayi mlembi, Lifuwu

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene mukukumana nazozi, kuganiziridwa zakuba pamene manja ako ndi oyera ndi chinthu chowawa. Mtima pansi, zimene mwafotokozazi ndi vuto lodziwika ndipo limakonzeka. Muuzeni mnyamatayo atsegule database ya MySQL, mmene mumasungidwa zonse zimene mumalowetsa, alembe DESCRIBE kenako dzina la tebulo lanulo, ndipo ndikukhulupirira kuti pa kolamu ya ndalama apeza palembedwa FLOAT, imene ndi njira ina yosungira manambala okhala ndi dontho. Gwero lake ndi limenelo.

Ndifotokoze pang'ono kuti nanunso mukathe kuwalongosolera mamembala. Ife timawerenga ndi makumi, nde 0.1 kwa ife ndi nambala yophweka. Koma FLOAT ndi mnzake DOUBLE amasunga nambala powonkhetsa theka, theka la theka, theka la pamenepo, kumangopita choncho, 1/2, 1/4, 1/8, 1/16. Nde 0.5 amaisunga ndendende, 0.25 ndendende, 0.75 ndendende, koma 0.1 olo muwonkhetse timatheka tingati simudzafikapo, mumangoyandikira. Zili chimodzimodzi ndi mmene ife timalepherera kulemba 1/3 ndi dontho, timangoti 0.3333 mpaka pepala kutha. Nchifukwa chake mukalemba 0.1 + 0.2 mu Python kapena JavaScript yankho limabwera 0.30000000000000004. Si kuti kompyuta yanuyo yawonongeka ayi, ndi mmene lamulo lotchedwa IEEE 754 limayendera, linakhazikitsidwa mu 1985 ndipo pafupifupi kompyuta ndi foni iliyonse imatsatira limenelo. Kwa anthu oyeza kutentha, liwiro la mphepo kapena kuya kwa nyanja, kakusiyana kotereka kalibe ntchito. Pa ndalama za anthu ndi pamene pamavuta.

Ndiye FLOAT ya MySQL ndi yaing'ono kwambiri, imatenga malo a mabayiti 4 okha ndipo imakwanitsa madijiti pafupifupi 7 basi, kuwerenga onse akumanzere ndi akumanja kwa dontho. Nambala yanu ija 1,234,567.89 ili ndi madijiti 9. Pa msinkhu umenewo FLOAT imadumpha masitepe a 0.125, nde chimene inasunga mkatimo ndi 1,234,567.875, kenako poonetsa pa sikirini nkuifupikitsanso kukhala 1234570 munaona ija. Choopsa kwambiri chili kutsogolo: nambala ikapitirira 16,777,216 FLOAT siithanso kusunga ngakhale makwacha athunthu onse, imayamba kudumpha awiriawiri, mukalowetsa K20,000,001 imasunga K20,000,000, ndipo pofika cha m'ma K50 miliyoni imadumpha anayianayi. Kopaletivi yogula Kilombero nyengo yokolola kufika K20 miliyoni si nkhani yachilendo masiku ano. DOUBLE ndi yabwinoko, mabayiti 8 ndi madijiti 15 kapena 16, koma nayonso 0.1 siisunga ndendende, imangobisa vutolo patali kenako tsiku lina lidzatulukira pa lipoti.

Mankhwala ake ndi DECIMAL, ena amaitcha NUMERIC, mu MySQL ndi chinthu chimodzi. Iyi imasunga madijiti mmene mwawalembera. Mukalemba DECIMAL(15,2), nambala yoyambayo ikutanthauza madijiti onse pamodzi, yachiwiriyo ndi amene apite kumanja kwa dontho. Ganizirani minibasi ya mipando 15 imene mipando iwiri yakumbuyo ndi ya matambala okha, 13 yotsalayo ndi ya makwacha. Ambiri amasokoneza apa poganiza kuti 15 ndi ya kumanzere yokha. Ndipo chenjerani ndi FLOAT(10,2), imaoneka ngati DECIMAL koma mkati mwake ndi FLOAT yomwe ija, MySQL eni ake anayamba kuchenjeza kuti kalembedwe kameneka kasiyidwe kuyambira MySQL 8.0.17. Komanso mukangolemba DECIMAL osaikapo manambala, MySQL imaitenga ngati DECIMAL(10,0), kutanthauza kuti matambala onse achoka. Anyamata ena amati DECIMAL imadya malo, sizoona kwenikweni, DECIMAL(15,2) mu MySQL imatenga mabayiti 7, yochepa kuposa DOUBLE.

Kwa inuyo ndingati makilo akhale DECIMAL(10,2) ngati sikelo yanu imaonetsa madijiti awiri pambuyo pa dontho, ngati imaonetsa atatu DECIMAL(10,3), mtengo wa kilo DECIMAL(12,2), ndalama yolipira DECIMAL(15,2).

Koma kusintha kolamu kokha sikumaliza nkhani, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mnyamatayo amvetsetse. Tiyerekeze membala wabweretsa makilo 47.35 ndipo mtengo ndi K1,850.50 pa kilo. Mukachulukitsa mupeza 87,621.175. Theka la tambala kulibe, nde wina ayenera kugamula kuti munthuyu alandira 87,621.18 kapena 87,621.17, ndipo chigamulocho chichitike malo amodzi, kamodzi, panthawi yolemba lisiti. Nambala imene yatuluka pamenepo ndi imene isungidwe mu kolamu ya ndalama yolipira, ndipo lipoti la pamwezi lizingowonkhetsa kolamu imeneyo ndi SUM. Zimene ndimaziona kawirikawiri nzakuti lisiti likupanga round (kufupikitsa nambala kufika pa tambala woyandikira) mzere uliwonse, pamene lipoti likuchulukitsanso makilo ndi mtengo kuyambira pachiyambi nkupanga round kumapeto kokha, nde pa malisiti 600 matambala aja amawunjikana mpaka kufika makwacha. Palibe wabapo, koma mabuku awiri akunena zosiyana ndipo amene ayankhe mafunso pa msonkhano ndinu mayi, osati pulogalamu.

Mbali ya PHP, chilankhulo chimene analembera pulogalamuyo, nayonso ili ndi msampha wake. Database ikabweza DECIMAL, PHP imailandira ngati mawu, "87621.18", ndipo zimenezo nzabwino, koma mukangoiwonkhetsa ndi + kapena kuchulukitsa ndi * imasanduka float pompo, vuto lija nkubwerera pakhomo lakumbuyo. Nde masamu a ndalama azichitikira mu SQL momwemo, ROUND(makilo * mtengo, 2) pa makolamu a DECIMAL ipereka 87621.18 bwinobwino. Akafuna kuwerengera mu PHP agwiritse ntchito bcadd powonkhetsa ndi bcmul pochulukitsa, koma adziwe kuti bcmul imadula, siipanga round, mukaiuza madijiti awiri ibweza 87621.17. Kudula kumaoneka kochepa koma kumapita mbali imodzi nthawi zonse. Ku Canada, msika wa masheya wa Vancouver unayamba index yake, nambala yoonetsa mmene mitengo ya masheya ikuyendera, pa 1000 mu January 1982, pulogalamu yawo inkadula pa madijiti atatu nthawi iliyonse ikawerengera, kambirimbiri pa tsiku, pofika November 1983 inkaonetsa 524.811 pamene atawerenga bwino inali 1098.892. Theka lathunthu linapita ndi kudula kokhako.

Pokonza asathamange. Ayambe watenga backup ndi mysqldump aisunge pa flash, kenako awonjezere kolamu yatsopano ya DECIMAL pambali pa yakaleyo, aidzaze, afananize, akakhutira nde achotse yakale. Ndipo dziwani kuti zimene FLOAT inataya kale sizibwerera zokha, 1,234,567.875 ija isanduka .88 osati .89. Mwayi wanu ngwakuti muli ndi buku la malisiti, manambala akuluakulu onse muwayang'anenso ndi bukulo, ndipo ndingakulangizeni kuti pochita zimenezi pakhale msungichuma ndi membala mmodzi kapena awiri aziona ndi maso awo. Mnyamatayo musamukalipire, maphunziro ambiri a pa intaneti amaonetsa FLOAT pa mtengo wa katundu ndipo ongoyamba kumene amangotengera.

Bwana wa zamakompyuta, ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira ndi feteleza pa Kamuzu Road. Pulogalamu yanga ya malonda inapangidwa 2019 ndipo imayenda bwinobwino, koma masiku ano kasitomala akagula malata ndi simenti zopitirira miliyoni, mu lipoti mukumalembedwa 999,999.99 basi. Chinanso VAT ya pa invoice ikumasiyana ndi ya pa kalikuleta yanga ndi timatambala. Amene anaipanga anasamukira ku Johannesburg. Nditani? Wamalonda, Salima boma

Bambo, apa wopangayo anasankha bwino mtundu wa kolamu koma anaipatsa malo ochepa. 999,999.99 ndi malire a DECIMAL(8,2), madijiti 6 a makwacha ndi awiri a matambala. Mu 2019 mwina ankaona ngati invoice ya miliyoni ndi yapatali, koma kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu May 2022 kenako 44% mu November 2023, mitengo inakwera ndipo makolamu ambiri amene anapangidwa nthawi imeneyo adzadza. Si inu nokha.

Chondidetsa nkhawa ine nchakuti database yanu ikulandira nambalayo mwakachetechete nkuidula. MySQL kuyambira 5.7 imabwera ndi strict mode yoyatsa, imene imakana ndi uthenga wa ERROR 1264 Out of range value, ndipo kukanako nkwabwino chifukwa mumadziwa pompo kuti pali vuto. Yanuyo wina anaizimitsa kapena inabwera yozimitsa. Pezani munthu wodziwa alembe SELECT @@sql_mode. Ayang'ane ngati muli mawu akuti STRICT_TRANS_TABLES, ngati mulibe ayatse. Kenako akulitse kolamu, ALTER TABLE malonda MODIFY ndalama DECIMAL(15,2) NOT NULL. Ndipo akumbuke kubwereza NOT NULL ndi DEFAULT ngati zinalipo chifukwa MODIFY imaiwala zimene simunazitchule. DECIMAL(15,2) imafika pafupifupi K10 thililiyoni. Asakulitse tebulo limodzi lokha, ayendere onse, la ngongole za makasitomala, la zogula kwa ma supplier, la malipiro, komanso bokosi lolembamo pa sikirini pena limakhala ndi malire ake.

Ma invoice amene anadulidwa kale ndi osavuta kuwapeza, afufuze mizere yonse imene ndalama yake ndi 999999.99 ndendende, uliwonse mwa imeneyo ndi wokayikitsa, nde muwerengerenso kuchokera pa katundu amene anagulidwa. Chitani zimenezi msanga makamaka kwa amene anatenga pangongole, chifukwa buku likuonetsa kuti ali nanu ngongole yochepa kuposa yeniyeni.

Za VAT, ndi nkhani yomwe ndawauza mayi a ku Lifuwu, ya malo opangira round. Tiyerekeze ndi 16.5% imene tinali nayo zaka zambiri, ndipo pa invoice pali mizere 10, uliwonse K1,255. Msonkho wa mzere umodzi ndi 207.075, round ndi 207.08, kuchulukitsa ka 10 ndi 2,070.80. Inu pa kalikuleta mukutenga 12,550 yonse nkupeza 2,070.75. Matambala 5 awo. Njira zonse ziwiri ndi masamu olondola, chofunika nchakuti musankhe imodzi ndi akawuntanti wanu, yogwirizana ndi zimene a MRA amafuna pa malisiti anu, ndipo invoice, lipoti ndi kalikuleta zonse zizitsata imeneyo. Komanso peresenti ya msonkho isalembedwe mkati mwa code, ikhale mu kolamu yake ngati DECIMAL(5,2) ndipo invoice iliyonse izisunga peresenti imene inagwira ntchito tsiku limenelo, kuti boma likasintha msonkho ma invoice akale asasinthe nawo.

Achimwene, ndine mphunzitsi pa sekondale ina kuno ku Nkhotakota. Tinkalemba malikisi mu Excel, pano tasamukira ku Microsoft Access. Mwana wina anapeza 74 ndi 75, avereji 74.5, Excel inkati 75 koma Access ikuti 74, ndipo pasukulu pathu 75 ndi pamene payambira giredi yapamwamba. Wina wa 75.5 yamupatsa 76. Ikukondera? Mphunzitsi, Linga

Aphunzitsi, siikukondera koma ikutsata lamulo lina. ROUND ya Excel ikapeza .5 imakweza nthawi zonse, mmene tinaphunzirira ku pulayimale. Round ya Access ikapeza .5 ndendende imapita ku nambala yogawika ndi 2 yoyandikana nayo, nde 74.5 ikupita ku 74, 75.5 ikupita ku 76, 2.5 ku 2, 3.5 ku 4. Achingerezi amaitcha banker's rounding ndipo cholinga chake nchakuti mukawonkhetsa manambala ambirimbiri okwezedwa ndi otsitsidwa azifafanizana. Python 3 nayo imachita chimodzimodzi, round(2.5) imabweza 2. Pa ziwerengero zikuluzikulu ndi nzeru yabwino, koma pa malikisi a mwana mmodzi ine sindingaivomereze, mwana wa 74.5 ndi wa 75.5 ayenera kuweruzidwa ndi muyezo umodzi umene makolo angaumvetse.

Mu query yanu mmalo mwa Round(avereji) lembani Int(avereji + 0.5), pa malikisi poti sakhala ochepera zero zimayenda bwino, 74.5 ikhala 75. Ndipo musasunge avereji yopangidwa round kale nkumaigwiritsanso ntchito powerengera ya chaka chonse, sungani malikisi enieni a teremu iliyonse, round ichitike kumapeto kamodzi. Onaninso Field Size ya kolamu ya malikisi, ikakhala Integer kapena Long Integer ndiye kuti 74.5 siingakhalemo, Access iisintha polowa pomwe. Ndipo kabokosi kaja kolembedwa Decimal Places kamangosintha maonekedwe a pa sikirini, zimene zasungidwa mkati sizisintha, anthu ambiri amapusitsika napo. Pa ndalama za fizi gwiritsani ntchito Currency, imasunga madijiti 4 pambuyo pa dontho ndendende ndipo ilibe vuto la Single ndi Double, zimene ndi FLOAT ndi DOUBLE za mu Access.

Kwa ena amene muli pa SQL Server, PostgreSQL kapena SQLite pali msampha wina wofanana nawo koma gwero lake ndi lina: 149 / 2 imabweza 74, osati 74.5, chifukwa manambala onse awiri ndi athunthu nde yankho nalo limabwera lathunthu, chakumanjacho nkutayidwa. Lembani 149 / 2.0 kapena CAST kaye. Mu SQL Server ngakhale AVG ya kolamu ya INT imabweza nambala yathunthu. Koma MySQL ingakupatseni 74.5000.

Lamulo limene mwasankhalo mulilembe mu mfundo za sukulu aphunzitsi onse alidziwe, ndipo ana a teremu yathayi amene anagwera pa .5 muwayang'anenso.

Aise, ndikupanga app ya Android ya gulu la amayi ogulitsa usipa ku Senga Bay, ali ndi banki mkhonde yawo. Ndikugwiritsa SQLite poti netiweki imavuta. Ndinalemba DECIMAL(10,2) ngati mmene mumanenera koma ikulandirabe 19.999 komanso SUM ikutulutsa michira italiitali. Komanso pogawana pakumatsala ndalama yosadziwika mwini wake. Mnyamata wa code, Senga Bay

Aise, wachita bwino kufunsa usanawapatse amayiwo. SQLite ndi yosiyana ndi anzake, ilibe DECIMAL yeniyeni. Imalola kuti ulembe DECIMAL(10,2) koma manambala awiriwo siiwalabadira nkomwe, nambala ikakhala yathunthu imaisunga ngati INTEGER, ikakhala ndi dontho imaisunga ngati REAL, imene ndi DOUBLE yomwe ija ya mabayiti 8. Nde michira ukuionayo ikuchokera pamenepo.

Njira imene ndimaikhulupirira pa SQLite ndi kusunga matambala ngati nambala yathunthu. Kwacha imodzi ndi matambala 100, nde K87,621.18 uisunge ngati 8762118 mu kolamu ya INTEGER, dzina la kolamu likhale lomveka ngati ndalama_tambala kuti wobwera pambuyo pako asadzaganize kuti ndi makwacha. Kuwonkhetsa ndi kuchotsera zikhala ndendende, dontho uziliika poonetsa pa sikirini pokha. Mu Kotlin kapena Java gwiritsa Long osati Int, chifukwa Int imathera pa 2,147,483,647 amene ndi K21,474,836.47 basi, ndipo tsiku lina ukadzasamutsira ku MySQL kolamu ikhale BIGINT pa chifukwa chomwecho.

Samala posintha zimene munthu walemba kupita ku matambala. Ukatenga 19.99 ngati double nkuchulukitsa ndi 100 upeza 1998.9999999999998, ukaisandutsa nambala yathunthu nkukhala 1998, tambala wapita. Tenga mawu amene alembedwa mu bokosi uwapatse BigDecimal mwachindunji, BigDecimal("19.99") ya mawu osati BigDecimal(19.99) ya nambala, kenako movePointRight(2).

Zogawanazo si vuto la kompyuta, ndi masamu chabe. K1,000,000 kugawa kwa amayi 23 aliyense 43,478.26, ukabweza kuchulukitsa ndi 23 upeza 999,999.98. Komanso tinene zoona, pagombe palibe amene adzapereke matambala 26 pamanja. Afunse amayiwo kuti amagawana motani akakhala pamphasa, mwina amatsitsa kufika pa K50 yoyandikira, nde aliyense 43,450, onse pamodzi 999,350, yotsala 650. Imeneyo app yako iilembe pa mzere wakewake, yotsalira ya gulu, ioneke poyera ndipo ilowe mu thumba la chaka chamawa kapena la zadzidzidzi monga agwirizanira eni ake. App iziyesa yokha kuti zogawidwa kuphatikiza yotsalira zikukwana ndendende ndalama inalipo, zikapanda kukwana ikane kusunga. Chiwongoladzanja pa ngongole nachonso chimodzimodzi, peresenti uisunge payokha, round kamodzi pamene ukulemba zimene munthu abweze.

Achimwene, manambala a foni a makasitomala anga akumataya zero woyamba mu database, ndipo ma token a magetsi ndikawatulutsa ku Excel kumapeto kukumakhala ma zero okhaokha. Mayi wa Mpamba ndi Airtel Money, Dwangwa

Mayi, nambala ya foni ndi token si manambala owerengera, palibe tsiku mudzawonkhetse foni ya wina ndi ya mnzake. Kolamu yake ikhale ya mawu, VARCHAR(20) kapena kuposerapo, nde 088 ndi 099 zikhala ndi zero wake, ngakhale +265 ilowa. Amene ataya kale zero ndi osavuta kukonza mukasintha kolamu, onse a madijiti 9 oyamba ndi 88 kapena 99 muwabwezere zero kutsogolo.

Za token, Excel imasunga madijiti 15 okha pa nambala, pamene token ya magetsi ili ndi 20, nde asanu omalizawo imawasandutsa ma zero ndipo mukasunga fayilo choncho apita, sabwereranso. Musatsegule fayilo ya CSV poidina kawiri. Tsegulani Excel kaye, mulowetse fayiloyo kudzera pa Data, kolamu imeneyo muisankhe kuti ndi Text isanalowe. Manambala a akawunti ya ku banki ndi a transaction nawonso muziwatenga chimodzimodzi.

Bambo, tikulemba malo a mijigo ya m'midzi ya kwa Mwansambo ndi GPS, koma pa mapu mijigo itatu ikuoneka pamalo amodzi. Kolamu ndi DECIMAL(10,2). Wogwira ntchito za madzi, Nkhotakota

Achimwene, wina anakopera kolamu ya ndalama nkuiika pa GPS. Digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111, nde madijiti awiri pambuyo pa dontho akukupatsani masitepe a kilomita imodzi ndi kachidutswa, mijigo yonse ya mudzi umodzi igwera pamodzi basi. Madijiti 4 ndi mamita 11, madijiti 5 ndi mita imodzi, 6 ndi masentimita 11. Ikani latitude DECIMAL(8,6) ndi longitude DECIMAL(9,6), longitude imafuna malo ena amodzi poti imafika 180 pamene latitude imathera pa 90. Kupitirira 6 nkungodzaza malo, GPS ya pa foni payokha imaphonya ndi mamita angapo. Pano DOUBLE nayonso ingagwire ntchito bwinobwino poti palibe amene akulipidwa nazo, koma FLOAT yaing'ono ija ayi.

Musaiwale minus pa latitude, ife tili kumwera kwa equator nde Nkhotakota ili cha pa -12.9 ndi 34.3, mukasiya minus mjigo wanu ukaoneka ku Sudan. Zimene zinadulidwa kale zibwezeni kuchokera mu mafoni kapena mafomu amene munatolera, ngati munafufuta ndiye kuti mijigo imeneyo ifunika kuiyenderanso.